Lipoti Limene Ndinakana Kulemba

Mphatso ndi Chisomo, za ubwana wanga ku Dedza munazimva kale kwa agogo anu, mwinanso zothira mchere, ndiye sindizibwereza. Pano ndikulemba za ntchito. Ndinagwira choko zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu m'masukulu asanu a mu Lilongwe muno, ndipo kaphunzitsidwe kanasintha ine ndili m'kalasi momwemo, fumbi lili m'mphuno. Ambiri amene amalankhula za kusinthaku pa wailesi sanaimepo pamaso pa ana makumi asanu ndi atatu dzuwa la Okutobala likuwotcha malata. Ine ndinaimapo, ndiye ndinena mmene ndinazionera.

1985, Kawale

Ndinafika pa sukulu yanga yoyamba, ya pulayimale, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, nditanyamula sutikesi yachitsulo ndi kalata ya ntchito. Mphunzitsi wamkulu anali Bambo Chidothi, munthu wamfupi wa ku Ntcheu amene sankavula tayi ngakhale kutenthe bwanji. Choko ankachikiyira m'kabati. Lolemba lililonse aphunzitsi tinkaima pamzere ngati odwala ku chipatala, aliyense n'kulandira zidutswa ziwiri, ndipo chikakuthera Lachinayi unkalemba ndi chinangwa chouma. Mabuku analipo, koma limodzi ankathithikanapo ana asanu.

Ku koleji anatiphunzitsa zambiri, koma ukazifinya zonse zinkatsala izi: madzi ali ndi mphunzitsi, mwana ndi ndowa yopanda kanthu, ntchito yako n'kuthira mosataya. Sabata yachitatu ndinalakwitsa samu pa bolodi mu Sitandade 6. Nditazindikira ndinaseka, n'kuwauza ana kuti, "Pepani, apa ndaphonya, tiyeni tibwereze." Sindinadziwe kuti Bambo Chidothi aima pa zenera. Pa buleki anandiitanitsa.

"A Nachisale, mumapepesa kwa yani m'kalasi muja?"

"Kwa ana, ahedi. Ndinalakwitsa samu."

"Mphunzitsi salakwa pamaso pa ana. Mukaphonya, fufutani mwakachetechete, mawa muphunzitse zolondola ngati dzulo kunalibe. Ana awa kwawo kulibe buku. Buku lawo ndinu. Akadziwa kuti inunso mumaphonya, akhulupirira yani?"

Sanali munthu woipa, ndipo m'masiku amenewo mawu awo anali ndi mutu. Ndinawasunga mawuwo zaka makumi atatu ndi ziwiri osapepesanso kwa mwana aliyense.

1994, Biwi

Chaka chimene pulayimale inakhala yaulere ndinali nditasamutsidwira ku Biwi, kumene ndinakumana ndi bambo anu akukonza galimoto za anthu m'mphepete mwa msewu. Ana anabwera ngati ngumbi mvula itagwa. Ena anali ndi ndevu kale, ena atabereka azing'ono awo kumbuyo. Kalasi langa linali pansi pa mtengo wa kesiya, bolodi titakoleka pa msomali, ndipo mawu anga ankapikisana ndi nyundo za m'magalaja. Ankafika mzere wachisanu n'kufera pomwepo. Kumbuyo kunkangomveka manong'onong'o, ndipo miyezi iwiri yoyamba ndinkapita kumeneko ndi kamtengo kukathetsa phokoso.

Mayeso a temu atabwera ndinadabwa kuona kuti ena mwa a kumbuyo aja akhoza. Tsiku lina ndinazemba, n'kukaima kuseri kwa mtengo ana akukopera. Manong'onong'o aja sanali miseche. Kamtsikana kena ka mzere wapakati kankamva zimene ndanena, n'kutembenuka kuwafotokozera anzake m'mawu ake, ndipo kugawa manambala kankakufotokoza ndi zitumbuwa, bwino kuposa ine. Amene amva ankapatsiranso a kumbuyo kwawo. Kamtengo kaja ndinakataya. Sindinauze aliyense, chifukwa sindinkadziwa kuti zimene ndaonazo ena anazilemba kale m'mabuku n'kuzipatsa maina. Ndinangoona kuti ndowa zija zimathirana zokha.

2001, Area 25

Nditawonjezera maphunziro ananditumiza ku sekondale yoyendera ku Area 25 kukaphunzitsa Bayoloje ndi Zaulimi. Labu kunalibe. Buku la Bayoloje linali limodzi, lakalekale, lopanda chikuto, ndipo linkagona m'chikwama changa. Ndinkalemba manotsi pa bolodi kuyambira kumwamba mpaka pansi, ana n'kumakopera, ine n'kufufuta, n'kuyambiranso. Ndisakunamizeni, zinkandikoma. Mwana aliyense wofuna kudziwa mmene mtima umapopera magazi analibe kwina kolowera koma kwa Madamu Chisale.

M'zaka zimenezo anayamba kutiitanira ku maphunziro a kaphunzitsidwe katsopano. Ankati mwana ndiye akhale pakati, mphunzitsi achepetse kulankhula, ana akhale m'magulu azifufuza okha. Mlangizi wina anatiuza zimenezi masiku atatu, ali chiimire kutsogolo, ife tikukopera. Tsiku lachitatu ndinaimika dzanja.

"Abwana, mwati mphunzitsi asamalankhule yekha. Nanga inu bwanji kuyambira Lolemba mukulankhula nokha?"

Anzanga anaseka chogwira pakamwa. Mlangizi uja anati nthawi inali yochepa. Ndinati nafenso nthawi imatichepera, n'kufunsanso kuti ana asanu opanda buku ukawaika pagulu afufuza chiyani, poti azingogawana umbuli. Anangolemba dzina langa. Lero ndimaona kuti maganizo aja sanali olakwika. Anangofika msanga, zipangizo zake zisanafike. Zitafika, zinalowera pa zenera, m'matumba a ana, ndipo oyamba kuzithamangitsa tinali ife tomwe.

2017, Chinsapo

Ndinali nditatha zaka zisanu pa sekondale ina ku Chinsapo, ndili mkulu wa aphunzitsi a sayansi. Mphunzitsi wamkulu anali Bambo Kapalamula, munthu wadongosolo amene anaipeza sukuluyo ili bwinja n'kuikonza. Lamulo lawo pa mafoni linali lachidule: mwana wopezeka ndi foni, foniyo ilandidwe mpaka temu ithe, iye akakhale kunyumba masabata awiri. Wolanda mafoni woopsa pa sukulu yonse ndinali ine. Ndinkaimva foni ikunjenjemera m'sokosi ndili pa bolodi.

Lachiwiri lina mu Fomu 3 ndinkaphunzitsa za lilime. Ndinajambula lilime lalikulu pa bolodi n'kuligawa monga mwa buku langa lija: kunsonga kumamva zotsekemera, m'mbali mchere ndi zowawasa, kumbuyo zowawa. Chithunzi chimenechi ndinali nditachijambula chaka ndi chaka kuyambira ku Area 25, moti dzanja linkayenda lokha. Ndikutembenuka ndinaona dzanja la Tiyamike lili m'mwamba. Anali mtsikana wofatsa, wokhala mzere wapakati, mayi ake ogulitsa tomato pa msika.

"Madamu, chithunzicho akuti n'cholakwika."

"Akuti? Akutero ndani?"

"Ndinawerenga, Madamu. Akuti lilime lonse limamva kukoma kwa mtundu uliwonse, silinagawidwe choncho."

"Unawerenga kuti? Buku la Bayoloje ndi ili lili m'manja mwangali. Kapena walemba lako?"

Kalasi lonse linaseka, ndipo ine ndinalilola liseke. Tiyamike anayang'ana pansi, kenako anapisa m'chikwama, n'kutulutsa foni yong'ambika galasi. Anaimirira, n'kuitambasulira kwa ine ndi manja awiri.

"Ndi apa, Madamu. Taonani."

Kuseka kunatha. Sindinayang'ane n'komwe zimene zinali pa galasipo. Ndinailanda, n'kumutenga mwanayo mpaka ku ofesi. Bambo Kapalamula anamuuza kuti apite kwawo, adzabwere Lachisanu ndi kholo pamene komiti ya mwambo idzakhale. Atatuluka anandiuza kuti ndilembe lipoti, ndipo ndisaiwale kuikamo mwano kwa mphunzitsi ndi kusokoneza kalasi, chifukwa popanda lipoti la mphunzitsi komiti singamuimitse mwana sukulu. Ndinati ndilemba.

Ndinafika kunyumba kuno ku Area 23 dzuwa likadalipo, mtima uli m'mwamba. Bambo anu anali pakhonde akuchotsa girisi m'manja ndi sopo wa ufa. Ndinawafotokozera zonse, mwano wa ana a masiku ano, mafoni, kusowa ulemu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa osadzutsa mutu.

"Nanga amake Mphatso, lilime mulibe?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Injini ikamakayikitsa ife sititsutsana, timailiza. Shuga ali m'nyumbamo. Lawani."

Ndinalowa m'nyumba mokwiya, kuti ndikawatsimikizire. Ndinakulunga thonje pa kamtengo ka machesi, n'kusungunula shuga m'kapu ina, mchere m'kapu ina, n'kusinja masamba a nimu wa kuseri kuja. Ndinaima pa galasi lilime lili panja ngati galu wa m'chilimwe. Nimu ndinamugunditsa kunsonga kwenikweni, kumene buku limati kumamva zotsekemera zokha. Anawawa mpaka misozi. Shuga ndinamuika m'mbali, anatsekemera. Mchere paliponse unali mchere. Ndinabwereza katatu, ndikutsuka m'kamwa, kufuna kuti mwina lilime lisinthe maganizo.

Ndinakhala pa mpando. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi! Ndinaganiza za ana onse amene anakopera chithunzi chija, ena ndi anamwino tsopano, ena aphunzitsi amene akuchijambulanso kwina. Koma chimene chinandipweteka kwambiri sichinali kulakwitsako. Chinali chakuti lilime linali m'kamwa mwanga nthawi yonseyo, ndikudya nalo katatu pa tsiku, ndipo sindinaliyesepo ngakhale kamodzi chifukwa buku linali litanena kale. Ine amene ndinkadziyesa mwini madzi ndinali ndowa chabe.

M'mawa mwake ndinalowa mu Fomu 3 ndi jumbo ya shuga, mchere, mandimu, masamba a nimu ndi mabokosi awiri a machesi. Chithunzi chija chinali chikadali pa bolodi. Ndikanatha kuchifufuta mwakachetechete, ndipo dzanja linafuna kutero. M'malo mwake ndinachilemba mtanda waukulu.

"Dzulo ndinakuphunzitsani zolakwika," ndinatero. "Ndakhala ndikuphunzitsa zolakwikazi ena a inu musanayambe kukwawa. Tiyamike ananena zoona, ndipo ine ndinakusekererani mukumuseka. Pepani. Koma lero musakhulupirire ine, musakhulupirirenso foni. Aliyense ali ndi lilime. Lawani, mulembe zimene mwapeza."

Phokoso limene linabuka linafika ku ofesi. Ana ankalavula nimu pa zenera, kutsutsana, kuyesana malilime. Mnyamata wina anafunsa ngati munthu wa chimfine amamva chimodzimodzi, wina anati titseke mphuno tione, ndipo anayesa pomwepo. Belu litalira palibe anatuluka. M'zaka zanga zonse ndinali ndisanaphunzitsepo phunziro lotere, ndipo mwini wake weniweni anali kunyumba akudikira chilango.

Lachisanu tinakhala mu ofesi: Bambo Kapalamula, aphunzitsi awiri, bambo wina woimira makolo, ndi ine. Mayi a Tiyamike anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, mwana wawo ali pambali. Anapepesa asanafunsidwe. Anati foniyo ndi yawo, ndi imene amaimbira alimi a tomato, ndipo mwanayo amaibwereka kuti aziwerengera poti mabuku alibe.

"A Nachisale, tipatseni lipoti," anatero Bambo Kapalamula.

"Sindinalembe, ahedi."

"Mwaiwala?"

"Sindinaiwale. Sindilemba. Lamulo la foni waphwanya, zimenezo sindikana, mupatseni chikwanje akatchetche. Koma mwano sanachite. Anaimika dzanja, analankhula mwaulemu, ndipo ananena zoona. Foni anaitulutsa chifukwa ine ndinamunyoza. Ngati pali amene wasokoneza kalasi ndi ine, ndipo ndinayamba kalekale."

Bambo Kapalamula anapempha enawo kuti atuluke pang'ono. Titatsala awiri anavula magalasi, n'kulankhula motsitsa. Ndiyenera kunena chilungamo, mfundo anali nazo. Anandikumbutsa za anyamata amene tinawagwira akuonetsana zolaula kuseri kwa zimbudzi, za azibambo amene ankaimbira atsikana athu nthawi ya buleki, za kubera mayeso. Anati tikamulekerera mmodzi, Lolemba mwana aliyense abwera ndi foni n'kumati akufufuza.

"Ndiponso mwapepesa pamaso pa kalasi," anatero. "Aphunzitsi anzanu akudandaula. Dzulo mwana wina wafunsa mphunzitsi wa Jogalafe kuti ali ndi umboni wanji. Tikulowera kuti?"

"Tikulowera kumene alangizi akhala akutiuza zaka zonsezi, ahedi. Ankati ana azifufuza okha. Ayamba. Kodi tinkafuna azifufuza koma asapeze kanthu?"

"Musandiphunzitse ntchito. Mukudziwa kuti dzina lanu ndalitumiza kuti mukhale wachiwiri wanga?"

Ndinkadziwa. Iwe Chisomo unali utangoyamba koleji, ndipo kukwezedwako tinkakuyembekezera m'nyumba muno ngati mvula yoyamba. Anandikankhira pepala ndi cholembera, n'kunena kuti mizere itatu yokha ikwana, masabata awiri si imfa, mwanayo adzabwerera. Ndinaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali ndithu, ndipo ndisadzionetse ngati mngelo, dzanja linafika pa cholembera. Koma ndinadziwa kuti ana makumi asanu ndi awiri aja akudikira kuona chimene chimamuchitikira munthu wonena zoona kwa wamkulu. Phunziro limenelo akanalisunga kuposa Bayoloje yonse. Ndinabweza pepala lili loyera.

"Cholembera ndi chanu, ahedi. Lembani nokha, musaine nokha. Koma akadzandifunsa a ku ofesi ya maphunziro, ndidzanena zimene ndanena pano."

Sanalembe. Tiyamike anatchetcha bwalo la mpira masiku awiri, foni inabwezedwa kwa mayi ake, ndipo Lolemba anali m'kalasi. Ine udindo wa sayansi unapita kwa wina, za wachiwiri zija sizinamvekenso, ndipo mu sitafu ena anasiya kundisungira tiyi, ati ndawagulitsa kwa ana. Temu yotsatira kalata inabwera yonditumiza cha ku Mgona, maminibasi awiri kuchokera kuno, kudzuka tambala asanatsike. Bambo anu atawerenga kalatayo anangoti, "Nimu uja wawawa zedi," n'kupita kukandigulira ambulera. Tiyamike anamaliza Fomu 4. Sanakhale dokotala, musayembekezere nthano. Amagulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda mu shopu ina ku Mchesi, ndipo ndimamva kuti alimi amamukonda chifukwa amawerenga zolembedwa pa botolo asanawagulitse.

2020, Mgona

Mliri wa korona utatseketsa sukulu, foni imene tinkaithamangitsa ija inasanduka kalasi. Aphunzitsi omwe aja olanda mafoni tinayamba kupempha makolo kuti abwereke ana awo mafoni. Iwe Mphatso unandigulira foni yotsetsereka, ndipo iwe Chisomo unandiphunzitsa kujambula mawu, ukundikalipira ngati mmene ndinkakukalipirira pa samu. Ndinkakhala pakhonde m'mawa n'kujambula phunziro la mphindi zisanu, nkhuku zikulira kumbuyo, n'kulitumiza pa gulu la Fomu 4.

Kumeneko ndinaphunzira zinthu zimene kalasi linandibisira moyo wanga wonse. Mnyamata wina amene ndinkamuyesa wogona anandilembera kuti phunziro la kugawikana kwa maselo walimvetsera kasanu, ndipo kachisanuko wamva. M'kalasi sakanayerekeza kundiuza kuti ndibwereze kasanu. Sanali wogona, ine ndi amene ndinkathamanga. Atsikana amene sankatsegula pakamwa pamaso pa anyamata ankanditumizira mafunso paokha, a za matupi awo, mafunso oti akanawafunsa kale mwina ena sakanapunthwa. Ana ankajambula masamba odwala m'madimba a makolo awo n'kunditumizira, ndipo ena ndinkachita kukafufuza kaye ndisanayankhe.

Koma wina asakuuzeni kuti foni inafananitsa ana. Ambiri a ku Mgona kwawo kunalibe foni yotere, ndipo kumene inalipo bambo ankachoka nayo m'mawa. Ndinkakwera minibasi nditavala chotseka pakamwa, n'kumayenda m'tinjira ta kumeneko kugwirizanitsa ana anayi anayi pa foni imodzi, atakhala motalikirana pakhonde la wina. Ena sindinawapeze. Sukulu itatsegulidwa, mipando ya atsikana awiri m'kalasi langa inakhala yopanda anthu, ndipo onse awiri anali a kunyumba zopanda foni. Amene ankadziwa anadziwa kwambiri, amene anatsala anatsaliratu.

2023, chaka chomaliza

Chaka changa chomaliza ntchito ya kunyumba inayamba kubwera m'Chingerezi cha loya. Ana amene sankatha kulemba chiganizo chowongoka ankabweretsa masamba awiri osalala, opanda cholakwika. Anali atapeza makina a pa foni amene umangowafunsa, iwo n'kukulembera zonse. Ndinawapatsa funso la Zaulimi la nthawi yobzala chimanga, ndipo asanu ndi awiri analemba kuti chimanga chimabzalidwa mu Epulo, sinowo ikasungunuka. Ndinawerenga yankholo mokweza, nkhope ili gwa.

"Tandiuzani, kwanu ku Mgona sinowo yasungunuka liti chaka chino?"

Anaseka mpaka kugwira m'mimba, olembawo ali chiweramire. Onsewa amayi awo amabzala ndi mvula yoyamba iwo akuponya nawo mbewu m'phando. Ankadziwa yankho ndi manja awo, koma analitaya chifukwa foni yanena zina, monga mmene ine ndinkachitira ndi buku.

Mu sitafu munagawanika. Achikulire anzanga ankati tithetse ntchito ya kunyumba. Achinyamata ena ankati mphunzitsi watha ntchito, makina akudziwa zonse, ife tizingoyang'anira. Ndinakana mbali zonse ziwiri. Ana anga ndinawauza kuti afunse foni mmene angafunire, koma Lachisanu aliyense aima kutsogolo, foni ili m'thumba, afotokoze m'Chichewa zimene walemba, anzake akumupanikiza ndi mafunso. Ndiponso aliyense abwere ndi chinthu chimodzi chimene foni yanena koma kuno sichigwira, ndipo anene wadziwa bwanji. Pamene ndinkayamba ntchito funso la mphunzitsi linali lakuti, ukudziwa chiyani? Pamene ndinkapuma linali lakuti, wadziwa bwanji kuti n'zoona? Funso lachiwirili ndi lovuta kuphunzitsa, ndipo silifuna mphunzitsi wochepa. Limafuna mphunzitsi wolimba mtima kuposa kale.

2024, Area 23

Nditapuma, kunabwera mnyamata wina wa bungwe lina, wovala jinzi ndi nsapato zoyera, dzina lake Yamikani. Anati akujambula aphunzitsi akale odziwa ntchito kuti maphunziro awo aikidwe m'matabuleti opita m'masukulu. Ndinavomera, koma ndinati sindilankhula ndi khoma, andipezere ana. Tinabwereka kalasi langa lakale ku Mgona, n'kuphunzitsa za mmene zomera zimamwera madzi. Ana aja, poti ndinawazoloweza, anandidula mawu kosaleka. Mtsikana wina anafunsa chifukwa chake mtengo wa mango wautali madzi amakwera mpaka kunsonga pamene pampu ya kwawo imalephera kukweza madzi pa thanki. Ndinayamba kuyankha, ndinasokonezeka pakati, n'kunena kuti, "Apa sindikutsimikiza, tiyeni tifufuze." Tinafufuza limodzi pa foni, tinatsutsana, tinaika phesi la duwa m'madzi a inki, mpaka tinagwirizana.

Patatha masabata awiri Yamikani anabwera kunyumba kuno ndi kanemayo ndi fomu yoti ndisaine. Tinakhala pakhonde, n'kundionetsa. Ndinaona mayi wina wofanana nane akulankhula mphindi khumi ndi ziwiri osapunthwa, osadulidwa, osakayika. Ana ankaoneka kawiri kokha, akugwedeza mitu.

"Mafunso aja ali kuti, achimwene?"

"Tinawachotsa, amayi. Amatalikitsa kanema, ndiye amadya bandulo."

"Nanga paja ndinati sindikutsimikiza?"

Anaseka mwaulemu. "Pamenepo ndiye sitikanasiya. Mabwana akuti ana amafuna mphunzitsi wodziwa. Tinakukonzani kuti muoneke bwino, amayi."

"Mwachotsa phunziro, mwasiya manotsi. Mwana woonera ichi aphunzira kukhala chete n'kumeza. Bwezeretsani ana aja, ndi kusokonezeka kwanga komwe, ndisaina. Apo ayi, chotsanimo nkhope yanga."

Anandichonderera. Anati kanemayo afika kwa ana a kumidzi amene sanaonepo mphunzitsi wa Bayoloje, ndipo mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi oona. Ndinamuuza kuti ana a kumidziwo ndiwo akufunika kwambiri kuona mwana mnzawo akuimika dzanja n'kumuimitsa mphunzitsi, poti mwina sadzazionanso kwina. Anapinda fomu yake, anamwa madzi, anapita.

Patatha mwezi anaimba foni. Anati wakambirana ndi mabwana ake, ndipo avomera kubwezeretsa mafunso atatu, koma paja ndinasokonezeka ayi.

"Onse, ndi pamenepo pomwe," ndinatero.

"Amayi, ndinu ovuta."

"Eya. Mukakonzeka mundipeza pakhonde pomwe pano."

Mpaka lero sanaimbenso, ndipo ine sindinamuimbire.